Mlendo amatsika pomwe buku lamuuza

Pa Kaphatenga ndi pa Kamuzu Road ku Salima, pomwe misewu ya M14 ndi M5 imakumana n'kusiyananso, pamagamulidwa nkhani ya ndalama tsiku ndi tsiku popanda woitanitsa bwalo. Mlendo wakunja uja wobereka chikwama chachikulu kumsana, amene wakwera minibasi ku Lilongwe kapena basi yodutsa m'mbali mwa nyanja, ali ndi njira ziwiri: atsike ku Salima n'kupeza kagalimoto ka ku Senga Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 20, kapena akhale phee pampando mpaka akafike ku Nkhata Bay kaya ku Monkey Bay. Kondakitala sangamutembenuze mtima, ndipo oitanira angakuwe mpaka mawu kusasa, iye sawamva. Maganizo anamanga kale ali ku Mbeya, ku Chipata kapena ku Tete, atawerenga ndime ziwiri zitatu m'buku lolozera alendo njira, kapena ataona nyenyezi ndi ndemanga za anzake pafoni. Ndime zimenezo ndi zomwe zimanena ngati wakabaza wa ku Senga Bay apeze ya ufa lero, ndiponso ngati mayi wophika nsima pamsika atsuke mbale zambiri kapena zochepa. Mkangano woti chothandiza n'chiti pakati pa buku ndi foni ndi wa alendo eni ake, ndipo yankho lake si lovuta: zonse ziwiri n'zothandiza, chilichonse pa ntchito yake. Funso loyenera kutisowetsa tulo ife a kunyanja ndi lina. Zolembazo zimanena za ife, zimagawa ndalama pakati pathu, koma olemba si ife, ndipo lero palibenso chifukwa chomveka choti zikhalebe choncho.

Mabuku amtunduwu ali ndi mbiri yake, ndipo Malawi alimo. Mu 1973 Tony ndi Maureen Wheeler, atayenda kuchoka ku London mpaka ku Australia ndi thumba lopepuka, analemba kabuku kotchedwa Across Asia on the Cheap, ndipo kampani ya Lonely Planet inabadwira pamenepo. Chaka chotsatira Hilary ndi George Bradt anatulutsa kabuku kawo koyamba, ka njira za wapansi ku Peru ndi ku Bolivia. Mu 1977 Lonely Planet inasindikiza buku la Africa lolembedwa ndi Geoff Crowther, lomwe pambuyo pake linatchuka ndi dzina loti Africa on a Shoestring, ndipo kwa zaka zambiri oyenda ulendo wa Nairobi mpaka Cape Town pa ndalama zochepa ankalisamala ngati pasipoti. M'mabuku otere ndi momwe mlendo ankamvera kuti ku Malawi, malinga ndi malamulo a zaka za m'ma 1970, mkazi sankaloledwa kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pachipata. Buku la Crowther boma la Kamuzu Banda linaliletsa chifukwa cha zomwe linanena za ulamuliro wake, moti alendo ankalibisa polowa m'dziko. Chiletsocho chinali cholakwa, koma chikuonetsa kuti a nthawi imeneyo ankadziwa mphamvu ya masamba ochepa olembedwa za dziko lawo. Ndale za zipani zambiri zitabwera, Philip Briggs analemba buku la Bradt lonena za Malawi yekha, lomwe linatuluka koyamba mu 1996 ndipo lakonzedwanso kangapo. Kuyambira kalelo mpaka lero, mabuku otchuka omwe alendowa amanyamula amalembedwa ndi kusindikizidwa kunja.

Alipo amene anganene kuti kulimbana ndi alendo otere n'kusiya njati n'kumakumba mbewa. Amagona m'tenti kapena m'chipinda cha mabedi asanu ndi limodzi, amanenerera ngakhale mtengo wa nthochi, pamene ku Salima kuli mahotela aakulu, kuyambira Sunbird Livingstonia Beach, yomwe inayamba ngati Grand Beach Hotel m'nthawi ya atsamunda, mpaka atsopano amene amera m'gombemu zaka zapitazi. Mahotelawa amadalira kwambiri misonkhano ya a boma ndi mabungwe ochokera ku Lilongwe, komanso zochitika ngati Sand Music Festival ndi Lake of Stars, yomwe inachitikira ku Salima mu 2018. Ndalama zake n'zambiri, palibe angakane. Koma ndalama ya msonkhano imalowa pageti pa galimoto ya boma n'kuthera mkati mwa mpanda, ndipo imatha kuuma ndi kalata imodzi yochokera ku Capital Hill, monga zinachitikira mu 2022 pomwe boma linaletsa misonkhano ya kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama. Ya wachikwama imayenda wapansi. Iye amakwera kabaza, amadya chambo kapena usipa pamsika, amagula chiboliboli kwa wosema mwini wake, amalipira mwini bwato kuti akamuonetse mbuna pa chilumba cha Namalenje, amachapitsa zovala, amagula mayunitsi pa kaokala. Akatswiri amene afufuza nkhaniyi, monga Mark Hampton amene analemba za ku Indonesia mu 1998 ndi Regina Scheyvens wa ku New Zealand mu 2002, anapeza zofanana: mlendo wotere amawononga zochepa pa tsiku koma amakhalitsa, amafika komwe ena safika, ndipo gawo lalikulu la ndalama yake limatsala m'manja mwa anthu a pamalopo chifukwa zomwe amafuna sizichita kuitanitsidwa kunja. Womulandira safunika ngongole ya kubanki. Zipinda zitatu zosesedwa bwino, masikito osabooka ndi chimbudzi chaukhondo n'zokwanira kuyambirapo. Choncho funso loti iyeyu amawerenga chiyani si la chibwana.

Buku losindikizidwa lili ndi zabwino zomwe anthu afulumira kuziiwala. Lili ndi mwini wake. Dzina la wolemba lili pachikuto, anafikadi pamalopo, ndipo akanama mbiri yoipa ndi yake. Popeza waona Senga Bay, Cape Maclear, Kande ndi Likoma pa ulendo umodzi, amatha kuyerekeza n'kuuza mlendo kuti uku kuli phokoso la achinyamata, uku n'kwa bata, uku ndiko kufupi ndi bwalo la ndege. Ndemanga za pafoni sizichita zimenezi, pakuti aliyense amangonena za pomwe iye anagona. Buku limanenanso zomwe mlendo sakanadziwa n'komwe kuti n'zofunika kufunsa. Wochokera ku Germany sadziwa kuti m'madzi odikha a m'mabango muli nkhono za likodzo, kuti mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira nyanja imasanduka ina pa kamphindi ndipo wanzeru sakwera bwato laling'ono, kapena kuti pomwe mtsinje ngati Linthipe umathira m'nyanja si posambira chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma munthu amafunsa chomwe chamufikira m'mutu, ndipo foni imayankha zokhazo zomwe yafunsidwa. Tiwonjezerepo zomwe aliyense wokhala kuno amazidziwa: magetsi amathima, batire imatha, netiweki imasowa ukalowa m'nkhalango ya Thuma kapena ukatalikira gombe, foni imagwera m'madzi kapena kusololedwa m'depoti. Buku likanyowa umaliyanika padzuwa n'kumawerengabe.

Vuto la buku ndi lakuti limabadwa lili lokalamba kale. Wolemba akadutsa pamatha miyezi yambiri, mwina chaka, kuti lisindikizidwe, kenako limagulitsidwa zaka zitatu kapena zinayi lisanakonzedwenso, ndipo ngakhale latsopano litatuluka lakale lija limayendabe m'manja mwa alendo osinthana mabuku m'maloji. M'dziko la ndalama yokhazikika zimenezi sizipweteka kwenikweni. Kuno kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi mu Meyi 2012, inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo uliwonse wa m'makwacha wa m'buku la zaka zitatu zapitazo ndi nthano chabe, ndipo wovutika nayo nthanoyo ndi wakabaza, pomwe mlendo akumulozera tsamba n'kumuyesa wakuba chifukwa watchula mtengo wa lero. Malamulo olowera m'dziko nawonso sakhala pamodzi: mu 2015 nzika za mayiko ambiri zinayamba kulipira viza, mu Febuluwale 2024 boma linachotsera viza mayiko 79, ndipo nkhani zotere zimatha kutembenukanso buku likadali pa makina. Mabuku akale amauza mlendo za sitima ya pamtunda yofika ku Salima, yomwe inaleka kalekale kunyamula anthu pa njirayi, ndi za kukwera Ilala pa doko la Chipoka, chonsecho madoko ndi masiku a sitimayo asinthapo kangapo. Mu 2024 nyanja inakwera n'kumiza mchenga ndi nyumba za maloji ena, gombe lomwe buku linalitama n'kukhala pansi pa madzi. Palinso kukondera kwina kosaonekera. Wolemba mmodzi wozungulira dziko lonse sangakhale ku Senga Bay kuposa masiku ochepa. Amene wamupeza walowa m'buku, ndipo adzadyerera zaka zinayi ngakhale ataleka kusesa pabwalo, pamene wotsegula malo ake mwezi wotsatira, angakhale waukhondo chotani, adikira buku lotsatira.

Apa ndi pomwe foni yapambana, ndipo tisachite manyazi kuvomera. Mapu a Google Maps, kapena a Maps.me omwe amatengera za OpenStreetMap ndipo amagwira ngakhale popanda bandulo ukawasungiratu, amamuonetsa mlendo kanjira kochoka pa tala kukafika kugombe ngakhale kutada. Pa iOverlander oyenda pa galimoto, pa njinga yamoto ndi pa yakapalasa amauzana komwe kuli malo omanga tenti, madzi ndi mafuta, nkhani yomwe m'miyezi ya mizere italiitali pa malo omwetsera mafuta inali yofunika kuposa ina iliyonse. Mtsikana woyenda yekha amatha kuwerenga zomwe akazi anzake anakumana nazo pamalo ena sabata yatha, n'kufunsa pa WhatsApp ngati chipinda chilipo asanakwere galimoto. Msika wa mabuku unagwedezeka nazo: BBC inagula gawo lalikulu la Lonely Planet mu 2007 n'kugulitsa kampaniyo motaya mu 2013, ndipo mu 2020 kampaniyo inapitanso m'manja mwa ena, a Red Ventures. Chachikulu kwa ife n'chakuti khomo lomwe kale linali ndi mlonda mmodzi tsopano lili chitsegukire. Kulemba resitihausi, malo odyera kapena doko pa mapuwa n'kwaulere, ndipo sikudikira kuti wolemba buku adutse.

Komabe kunena kuti foni ndi bwalo la aliyense n'kufulumira. Olemba ndemanga pa TripAdvisor kapena pa Booking.com ndi alendo, m'Chingerezi, m'Chijeremani, m'Chidatchi, ndipo amalemba za malo omwe anawapeza pafoni pomwepo. Motero nyenyezi zimabala nyenyezi: loji yomwe ili pamwamba imalandira alendo ambiri, alendowo amawonjezera ndemanga, iyo n'kumakwerabe, pamene yoyandikana nayo imaoneka yokayikitsa chabe chifukwa palibe anayambapo kuilemba. Makampani osungitsa zipinda pa intaneti amadula gawo lawo pa mlendo aliyense, kawirikawiri pafupifupi 15 peresenti, ndipo wofuna kulowamo ayenera kukhala ndi akaunti ya kubanki, Chingerezi, ndi munthu woyankha mauthenga usana ndi usiku. Mwini loji amene ali nazo zonsezi nthawi zambiri ndi yemwe uja analinso m'buku. Mayi wokazinga utaka pa gombe la Nguwo, amene foni yake ndi ya mabatani yolandirira Mpamba kapena Airtel Money, m'buku mulibe, pa mapu palibe. Ndemanga zimathanso kugulidwa, kapena kulembedwa ndi munthu wokwiya ndi kuthima kwa magetsi komwe mwini malo sakanachitapo kanthu, ndipo wolembayo mawa ali ku Zanzibar, sangaitanidwe kudzayankha. Tsopano kwabwera mapulogalamu oyankha mafunso ngati munthu, omwe amatola zolembedwa kale pa intaneti, zatsopano ndi zovunda zomwe, n'kuzipereka ndi mawu otsimikiza. Pomwe zolembedwa n'zochepa, monga za Chikombe kapena Lifuwu, yankho limatuluka lagwa kapena lopeka. Foni yachiza ukalamba wa buku, koma wolankhula akadali yemwe uja, mlendo kuuza mlendo mnzake za mudzi wa eni.

Kuti tione kukula kwa zomwe zimatsala kunja, tiyang'ane chilumba cha Mbenje. Kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka chilumbachi nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti utaka uswane, ndipo potsegula ndi potseka pamakhala mwambo wosonkhanitsa mafumu, asodzi ndi akuluakulu a nthambi ya zausodzi. Pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazi safikapo, maukonde owononga saloledwa, ndipo wophwanya malamulo amapitikitsidwa. Akatswiri a zausodzi a kuno ndi akunja akhala akubwera kudzaphunzira momwe anthu a kumudzi asungira nsomba zaka zoposa 60, pomwe m'madera ena a nyanja yomweyi malamulo a boma akulephera kuluma. Iyi ndi nkhani yomwe wophunzira woyenda ndi chikwama angakhalire masiku atatu owonjezera ku Salima kuti aimve pakamwa pa eni ake ku Chikombe. Koma m'zolozera alendo Salima kwenikweni ndi gombe, mahotela, msika wa ziboliboli ndi ulendo wa pa bwato. Yerekezani ndi Mua, ku Mtakataka m'boma la Dedza, mtunda wosatalika kuchokera kuno. Mabuku a alendo amapatula malo aakulu a KuNgoni, likulu la zachikhalidwe lomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo n'koyenera kutero. Koma chifukwa china chomwe Mua aliri m'mabuku n'chakuti kumeneko anthu anakhala pansi n'kulemba, kujambula ndi kufotokoza m'zinenero zomwe olemba mabukuwo amamva. Za Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005, mlendo amaziwerenga ngati za m'nyumba yosungiramo zakale. Sauzidwa mokwanira chochita akakumana ndi zilombo pamsewu wa kwa Khombedza: kuti apatuke, asajambule asanapemphe, asalowe kumanda ati kukafuna mthunzi. Sauzidwa mokwanira kuti midzi yambiri ya m'gombe ili ndi Asilamu ochuluka, kuti Lachisanu masana ndi m'mwezi wa Ramadani zinthu zimayenda mwina, kuti chovala chosambira chomwe chili bwino pa mchenga wa hotela n'chochititsa manyazi pomwe amayi akutsuka mbale ndipo abambo akusoka chilimila. Akalakwa pa zimenezi timati ndi wamwano, chonsecho palibe anamulangiza.

Ntchito yofunika pano si yaikulu ngati kumanga msewu. Khonsolo ya Salima, eni maloji ndi maresitihausi, mafumu monga a Maganga omwe Senga Bay ali m'dera lawo, makomiti a m'madoko, osema ziboliboli, eni mabwato ndi atsogoleri a akabaza angathe kukhala pansi n'kumatulutsa kabuku kakang'ono chaka ndi chaka, kokhala ndi mwezi ndi chaka pachikuto, mitengo yoyenera ya kabaza, ya galimoto ndi ya bwato, njira ya ku malo osungira nyama a Kuti ndi ku nkhalango ya Thuma kwa wopanda galimoto yake, masiku a misika, chipatala chapafupi, ndi malamulo a mudzi. Kabuku kotere kazipezeka pa zipata za Mchinji, Songwe, Dedza ndi Mwanza, pa bwalo la ndege la Kamuzu, ndi m'maloji a ku Lilongwe komwe alendowa amagona usiku woyamba, pakuti maganizo amamangira kumeneko. Zomwezo ziikidwenso pafoni: malo aliwonse alembedwe pa Google Maps ndi pa OpenStreetMap, nkhani ya Salima pa Wikivoyage, yomwe aliyense amaloledwa kuikonza, ikonzedwe ndi a kuno, ndipo olemba a Bradt ndi a Lonely Planet, amene amapempha okha owerenga kuti aziwadziwitsa zosintha, azilandira kalata yochokera ku Salima. Luso lilipo kale m'dziko muno. Namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 atawononga, anthu ongodzipereka, ena mwa iwo achinyamata a m'masukulu athu a ukachenjede, anajambula nyumba ndi misewu pa OpenStreetMap kuti thandizo lidziwe kolowera. Amene anatha kuika pa mapu mudzi wokokoloka sangalephere kuikapo malo odyera a pa Senga Bay. Chosowa ndi woitanitsa, ndi kandalama ka bandulo ndi ka kabaza.

Wotsutsa wanzeru anena kuti kabuku kolembedwa ndi eni malo ndi kutsatsa malonda basi, ndipo mlendo amakhulupirira mlendo mnzake chifukwa alibe chomugulitsa. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo timapepala tambiri tokopa alendo timagwera m'mbuna yomweyi: zithunzi za dzuwa likutuluka, mawu oti ndife anthu ansangala, koma mtengo wa minibasi osautchula. Wachikwama amataya pepala lotere asanafike n'kudepoti komwe. Kuti kabuku ka Salima kakhulupirike kayenera kunena zomwe sitikonda kumva: kuti likodzo lilipo ndipo mankhwala ake amapezeka pakutipakuti, kuti malungo ndi oopsa kwa wosazolowera, kuti pagombe pali anyamata ena okakamira amene amalandira ndalama ya ulendo wa pa bwato n'kuzimiririka, kuti bwato lopanda majekete oyandamitsa asakwere, kuti kuyenda wekha pa mchenga usiku si nzeru. Kayeneranso kukhala ndi lamulo loti malo apamwamba m'kabukumo sagulidwa, ndipo olemba asakhale antchito a hotela iliyonse. Aphunzitsi, atolankhani a wailesi za m'dera ndi ophunzira zokopa alendo angaigwire bwino ntchitoyi. Kabukuka sikabwera kudzalanda malo a ndemanga za alendo kapena a buku la Briggs. Izo zipitirize kuweruza ngati bedi lili ndi nsikidzi, ife tinene zomwe wodutsa masiku awiri sangadziwe.

Chitsutso china n'chowawa kuposa chimenechi, ndipo chimachokera kwa makolo. Aona zomwe zimachitika mudzi ukatchuka m'mabuku a alendo: ana kujomba kusukulu n'kumalondola azungu kupempha ndalama ndi zolembera, chamba kugulitsidwa poyera, mabala kulira mpaka mbandakucha pafupi ndi mzikiti, malo a m'gombe kugulidwa ndi kutchingidwa mpanda mpaka asodzi kusowa poyanika usipa ndi pokocheza ngalawa. Madandaulo otere amveka ku Chembe ndi ku Nkhata Bay, ndipo ku Senga Bay si achilendo. Walira mvula walira matope, makolowo sakunama. Koma kukhala chete sikubweza alendo. Amabwerabe, akutsogoleredwa ndi zolemba za anthu omwe sadzakhalapo pomwe ife tizidzaponda matopewo. Kulemba tokha kumatipatsa mphamvu yomwe pano tilibe, yonena kuti ayi, pakuti kalozera wabwino amanenanso komwe mlendo sayenera kupita. Ngati a Makanjira ndi anthu awo aona kuti Mbenje si malo a alendo, zilembedwe momveka kuti nkhani yake ikamvedwe kumtunda ndipo kuchilumba asapiteko. Zilembedwe kuti mwana sapatsidwa ndalama pamsewu, wofuna kuthandiza aonane ndi mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu. Zilembedwe kuti njira yopita kumadzi pakati pa mipanda ndi ya mudzi. Alendo a chikwama ambiri ndi achinyamata okonda kuwerenga, oopa kulakwira eni dziko kuposa momwe timaganizira, ndipo malangizo otere akawapeza asanafike ambiri amawatsatira.

Pali wowerenga winanso amene zolozera zonsezi, za pepala ndi za pafoni, sizinamuganizirepo: Mmalawi woyenda ndi ndalama zochepa. Pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala, ku Senga Bay kumadzaza mabanja, makwaya, magulu a banki m'khonde ndi ana a sukulu ochokera ku Lilongwe, Dowa, Kasungu ndi Mchinji, ambiri osadziwa kusambira, osadziwa khalidwe la mphepo ya panyanja, osadziwa pomwe mchenga umatsetsereka mwadzidzidzi. Za anthu omira pa maholide otere timazimva pa wailesi kawirikawiri. Amenewa akufunika kalozera wa m'Chichewa kuposa mlendo wa ku Ulaya, ndipo ndi ochuluka kumuposa. N'chimodzimodzi wachinyamata wa kuno wofuna kukaona mathithi a Victoria ku Livingstone, kapena kudutsa pa Songwe n'kukakwera sitima ya TAZARA ku Mbeya mpaka Dar es Salaam. Akatsegula buku la kunja amapeza malangizo a munthu wa pasipoti ya ku Britain ndi khadi la kubanki la mapaundi. Sapezamo mosavuta zoti pasipoti ya Malawi imalowa ku Zambia, Tanzania, Mozambique ndi South Africa popanda viza, kapena choti achite mabanki akamuuza kuti ndalama zakunja palibe, kapena resitihausi yomwe amayi a geni opita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam amagona mosaopa. Nzeru zimenezi zilipo, zili m'mitu ya ochita malonda odutsa m'zipata, ya madalaivala a mathiraki ndi ya abale athu a ku Joni, koma zimayenda pakamwa ndi m'magulu a WhatsApp, moti wopanda mbale woyendayenda sazipeza. Kabuku ka Salima kakatuluka m'Chichewa ndi m'Chingerezi limodzi, kangakhale poyambira pa mabuku a maulendo olembedwa ndi Amalawi, owerenga ake Amalawi.

Za ndalama yosindikizira zisatichititse mphwayi. Wogona mu hotela yolembetsedwa amalipira kale msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo, womwe cholinga chake n'kutsatsa dziko lino. Kutumiza nthumwi ku zionetsero ngati ITB ku Berlin kapena kuchititsa Takulandirani ku Lilongwe kuli ndi ntchito yake, koma kumeneko kumakumana makampani a maulendo odula. Wachikwama safikako, ngakhalenso gulu la banki m'khonde la ku Mponela. Kagawo kochepa ka msonkhowo, komwe kanatoleredwa m'mahotela a ku Salima komweko, kangakwane kulipira achinyamata khumi oyenda m'madoko ndi kope ndi foni kwa milungu itatu, n'kusindikiza timabuku zikwi zingapo. Nthawi yabwino yotulutsira ndi Epulo, mvula itakata, misewu ya ku Thuma ndi ku Chikombe itayamba kuuma, Mbenje akutsegulidwa, alendo a nyengo yozizira asanayambe kutsika pa Kamuzu Road. Tsamba la mitengo lokha liziunikidwanso kumayambiriro kwa Okutobala, Tsiku la Anakubala lisanafike.